Masitepe a Mumsewu wa Mosi-oa-Tunya

Anthu oyenda ndi miyendo amati tauni ya Livingstone ndi yafulati. Ndikamva zimenezo ndimangoseka, chifukwa msewu wa Mosi-oa-Tunya ine ndimaudziwa ndi mapewa. Ukachoka kumtunda kumene kuli positi ofesi ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, umatsetsereka pang'onopang'ono kulowera kusiteshoni ya sitima, n'kupitirira makilomita pafupifupi 10 mpaka kumathithi. Popita kumunsi njinga imathamanga yokha, ntchito yanga n'kuiletsa ndi zikhatho. Pobwerera ndiye pamagona nkhani, makamaka mu Okutobala pamene phula limachita kununkha ndi dzuwa, chitsulo chopalasira chikuotcha m'manja. Ndayenda pa njinga ya olumala mumsewu umenewu kuyambira ndili mnyamata mpaka imvi zino, ndipo chilichonse chimene chimanditchinga njira ndikhoza kukuuzani kumene chinachokera.

Chitundacho chinabwera ndi udzudzu. Azungu oyamba sanakhale pano ayi. Anamanga misasa yawo m'mphepete mwa Zambezi, pamalo otchedwa Old Drift, kumtunda kwa mathithi, pomwe ankaolotsera ngolo ndi katundu. F. J. Clarke, amene anzake ankamutcha Mopane, anafika pamenepo mu 1898 n'kuyamba malonda. Malungo anawapulula anthu amenewo, ndipo manda awo alipobe mkati mwa paki ya nyama. Njanji yochokera ku Bulawayo inafika tsidya lina la mtsinjewo mu 1904, mlatho wowolokera kuno unatsegulidwa mu Seputembala 1905, ndipo kampani ya British South Africa, yomwe inkalamulira dziko, inasamutsira aliyense kumtunda, kutali ndi madzi. Tauni yatsopanoyo anaijambula ndi misewu yowongoka, waukuluwo n'kuutcha Mainway. Mu 1907 likulu la North-Western Rhodesia linachoka ku Kalomo kubwera kuno, mu 1911 Livingstone inakhala likulu la Northern Rhodesia yense, ndipo inakhala choncho mpaka 1935 pamene mabwana anasamukira ku Lusaka.

Anathawa udzudzu n'kupeza mchenga. Mchenga wa kuno ndi uja wa Kalahari, wosalala, wakuya, wopanda mwala woti gudumu ligwirepo. Masiku ano pakati pa tauni pali phula, koma mukangopatuka kulowa mkati mwa makomboni a Libuyu, Ngwenya kapena Dambwa, mchenga uja umakuchingamirani. Timatayala takutsogolo timazika mwadzidzidzi, njinga n'kuima, iwe n'kupitirira wekha chafufumimba. Aliyense amene wakhalitsa panjinga kuno anaphunzira kutukula timatayala timeneto n'kumayendera awiri akumbuyo okha. Alendo akationa amaganiza kuti tikuchita masewera.

Kenako mvula. Kuno imagwa yochepa poyerekeza ndi kwawo kwa bambo anga ku Katete, koma ikabwera imabwera ndi ukali, ndipo pachitunda cha mchenga madzi amakumba msanga. Amalonda amene anamanga masitolo mu Mainway anakweza maziko kuti madzi asalowe m'katundu, n'kuika makhonde a mizati otchinga dzuwa. Popeza msewuwo ndi wotsetsereka, aliyense anamanga khonde lake pamsinkhu wake. Ndiye kuti pochoka pakhonde la sitolo ino kupita pa la sitolo inayo pali sitepe, polowa pakhomo pali sitepe ina, ndipo pakati pa khonde ndi msewu pali ngalande. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo zikadalipo. Capitol Theatre, imene banja la a Grill linamanga mu 1931, ndi imodzi mwa izo. Nyumba yosungiramo zinthu zakale inayamba mu 1934 ndipo inalowa pamalo pamene ili panopa mu 1951. Omangawo sindiwada. Nyumbazo n'zokongola, ndiponso mthunzi wa makhonde amenewa ndi umene wandisunga zaka zonsezi ndi kathebulo kanga kokonzera mawotchi, ndipo tsopano mafoni. Kungoti palibe mmodzi yemwe mwa iwo amene anaganizapo kuti munthu angabwere kudzagula sopo atakhala pa magudumu.

Komatu anthu a nthawi imeneyo sankadabwa kuona munthu akunyamulidwa kapena kukankhidwa. Mabwana a boma ankayenda maulendo awo atagona m'machila, amuna amphamvu zawo, anzawo akutuluka thukuta ndi mtengo paphewa. Tsidya la mlatho, kuyambira 1920 mpaka 1957, alendo ogona ku Victoria Falls Hotel ankakhala pa timatrole toyenda pakanjanji kakang'ono, anthu akuda n'kumawakankha kupita kukaona mathithi. Kanjanji kameneko kanayalidwa bwinobwino kuti munthu wamiyendo yake asatope. Pa zaka zomwezo wolumala wa m'komboni ya Maramba ankayenda chokwawa.

Bambo anga anabwera kuno kudzagwira ntchito ku Zambezi Saw Mills, kampani imene inkacheka mitengo ya mukusi yobwera pa njanji ya ku Mulobezi. Ankakonda kutifotokozera za kawindo. Munthu wakuda sankalowa m'butchala kapena m'masitolo ena a azungu. Ankaima panja pakawindo kam'mbali, kupereka ndalama, n'kulandira chimene wogulitsayo wafuna kumupatsa, chokulungidwa kale m'pepala. Ukatsegula kunyumba n'kupeza mafupa okhaokha, unalibe kokadandaula. M'zaka za m'ma 1950 chipani cha African National Congress cha Harry Nkumbula chinatsogolera anthu m'matauni a dziko lino kunyanyala masitolo otere, ndipo pofika ufulu pa 24 Okutobala 1964 zitseko zinali zitatsegukira aliyense. Mainway anasinthidwa dzina kukhala Mosi-oa-Tunya. Bambo ankati tsiku limene analowa koyamba m'butchala n'kuloza okha nyama imene akufuna, anadya ndi mtima woyera.

Ine kawindo kameneko sikanandichokere. Ndimafika pansi pa masitepe, n'kuima, n'kudikira wodutsa wa nkhope yachifundo. "Mwana wanga, tandiitanireko a m'sitolomo." Mnyamata wogulitsa amatuluka, ndimamuuza chimene ndikufuna, ndalama imakwera, katundu amatsika. Malaya ndimagula amene iye wandisankhira. Kubanki ina makina otapira ndalama anawaika pamwamba pa masitepe, ndipo mlonda wake, munthu waulemu ndithu, anandiuza kuti, "Bambo, ingondiuzani nambala yanu yachinsinsi ndikutapireni." Analibe cholinga choipa, koma ndinabwerera wopanda ndalama. Ena amadzipereka kundinyamula ndi njinga yomwe, anyamata anayi, wina atagwira popondera mapazi pomwe pamazuka. Ndimathokoza, koma munthu wamkulu wa ana ndi adzukulu sakondwa kulowa m'ofesi atalendewera m'malere anthu akuonerera.

Miyendo yanga inapita ndi poliyo ndili wamng'ono, katemera asanafike paliponse. Amayi anandibereka kumsana mpaka pamene mapazi anga anayamba kuwagunda m'mawondo. Kenako ndinayamba kudziyendera: mapatapata m'manja, zidutswa za tayala lagalimoto zomangidwa m'mawondo ndi malegeni. Pamchenga wotentha wa masana, patapata akaduka lamba ndiye kuti ulendo wathera pomwepo mpaka dzuwa lipendeke. Ambiri a msinkhu wanga amene mumawaona panjinga m'matauni a Zambia ndi Malawi anadutsa momwemo. Achinyamata a panjinga masiku ano ambiri ndi a ngozi za pamsewu, a matenda a shuga amene anadulidwa mwendo, ndi ana obadwa ndi vuto la muubongo. Poliyo wa m'chilengedwe analengezedwa kuti watha mu Africa mu Ogasiti 2020, ngakhale anaonekeranso ku Lilongwe ndi ku Tete mu 2022, n'chifukwa chake mayi akamakana katemera pamaso panga sindimusiya osamulankhula.

Chikuku changa choyamba ndinalandira kutchalitchi. Chinali cha mtundu uja wa m'chipatala, chonyezimira, chopindika pakati. Kapangidwe kameneko kanayamba mu 1933 ku America, pamene Herbert Everest, yemwe anathyoka msana pangozi ya mumgodi, ndi mnzake Harry Jennings anapanga njinga ya mapaipi achitsulo yoti izipindidwa n'kulowa m'galimoto. Kwawoko inathandiza anthu osawerengeka. Koma inapangidwira pansi posalala, ndipo mumchenga wa Maramba sinathe dzinja limodzi. Mabeyaringi anadya mchenga, foloko yakutsogolo inapindika, nsalu yokhalira inang'ambika. Choipa koposa chinali matayala: ake anali a mainchesi 24, pomwe njinga zakapalasa za kuno zimayendera 26 ndi 28, ndiye m'sitolo iliyonse ankangopukusa mutu. Kwa zaka zambiri zikuku zoterezi zinkabwera m'makontena, zopereka za anthu akufuna kwabwino, saizi imodzi kwa mwana ndi kwa gogo yemwe, zopanda khushoni. Ojambula zithunzi akapita, zinkathera kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikirapo mazira.

Za khushoni ndinenepo pang'ono, chifukwa anthu amaiona ngati chinthu cha manyado. Ife a poliyo timamva kuwawa, ndiye tikakhalitsa timasuntha. Mnzathu wothyoka msana samva kanthu kuchokera m'chiuno kutsika. Akakhala tsiku lonse pansalu yolendewera kapena pathabwa, khungu la pamatako limafa, pamatseguka chilonda, chilondacho chimalowa mpaka pafupa. Ndaika m'manda anzanga amene anapulumuka ngozi ya galimoto koma anaphedwa ndi mpando. Bungwe la World Health Organization linatulutsa malangizo mu 2008 onena kuti njinga iziperekedwa munthu atayezedwa, ikhale yoyenerera malo amene akukhala, ikhale ndi khushoni, ndiponso ikhale yoti ingakonzedwe komweko. Amenewo ndi mawu amene ife tinali titanena kalekale pansi pa mitengo.

Chimene chinandipatsa tauni ndi njinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja, imene anandipangira mmisiri wowotcherera wa ku Maramba ndi mapaipi amadzi, tcheni ndi magudumu a njinga yakapalasa. Abale athu a ku Malawi amazidziwa bwino njinga zimenezi kudzera ku bungwe la MAP, lomwe linayamba mu 1979 likutchedwa Malawi Against Polio. Pamtunda wautali palibe yoiposa, ndipo kumbuyo kumakwana thumba la ufa. Vuto lake ndi utali. Silowa m'sitolo, silowa m'basi, silowa m'chimbudzi. Umafika nayo pakhomo mwaulemu wako, n'kutsika, n'kumalizitsa ulendo ndi manja pansi ponyowa.

Kusintha kwenikweni kunabwera pamene olumala eniake anayamba kupanga njinga. Ku Lusaka, mu 1991, gulu la anthu olumala linayambitsa Disacare ndi thandizo lochokera ku Finland, n'kumapanga njinga ndi zitsulo zopezeka konkuno. Anatengera nzeru za Ralf Hotchkiss wa ku America, yemwenso amayenda panjinga kuchokera pamene anachita ngozi ya njinga yamoto, ndipo ndi mmodzi wa amene anayambitsa Whirlwind Wheelchair ku San Francisco mu 1989. Njinga za mtundu umenewu zimatalikirako kutsogolo kuti zisagudubuke, zimayendera matayala ndi mabeyaringi amene amapezeka pamsika, ndipo timatayala take takutsogolo ndi tatikulu m'mbali, ta labala, toyandama pamchenga m'malo mozika. Katayala kameneko nzeru yake inachokera ku Zimbabwe konkuno, tsidya la mtsinje. Nditakhala pa njinga yotere koyamba ndinadutsa pamchenga wa pakhomo pathu popanda wondikankha, akazi anga ataima pakhonde manja ali m'chiuno.

Amene amatisunga pamsewu tsiku ndi tsiku si mabungwe ayi, ndi okonza njinga. Mukadzuka m'mamawa mudzaona amuna akutsetsereka mumsewu wa Mosi-oa-Tunya pa njinga zakapalasa zolemedwa ndi katundu, kulowera kumlatho kukagulitsa ku Zimbabwe. Chifukwa cha iwowo, pansi pa mitengo ya m'mbali mwa msewu ndi kumsika wa Maramba sipasowa munthu wa pampu, guluu, masipoko ndi girizi. Wanga amandiona ndikubwera chapatali n'kuyamba kukuwa, "Amalume, gudumu lakumanzerelo likuvina!" Amandikhazika pabenchi, kugadabuza njinga, kukunga masipoko ndi kasipanala kake, ndipo nthawi zina amakana ndalama. Ndimamukakamiza kulandira, chifukwa ndikufuna adzakhalepo mawa.

Popeza makhonde ndi oduka-duka, ife timayenda mumsewu mwenimwenimo, limodzi ndi magalimoto. Msewu umenewu ndi mbali ya msewu waukulu wa T1 wochokera cha ku Lusaka, ndiye mumadutsa mathiraki a katundu wopita kumalire. Mutu wanga umalekeza m'munsi mwa gudumu la thiraki, ndipo woyendetsa sangandione ngakhale atafuna. Ena a ife timamangirira kandodo ka nsalu yofiira kumbuyo. Za minibasi ndingonena mwachidule: kondakitala akaona njinga amayang'ana kumbali, ndipo akaima amafuna ndalama ya anthu awiri, ati njingayo ndi katundu. Kumunsi, kufupi ndi mtsinje wa Maramba, njovu zimadumpha msewu madzulo. Oyenda pansi amabwerera chothamanga. Ine ndinaphunzira kusadutsako dzuwa likapendeka, chifukwa njovu simungaiuze kuti idikire mutembenuze njinga.

Malamulo alipo, ndipo si a dzulo. Mu 1968 dziko lino linakhazikitsa lamulo la Handicapped Persons Act, lomwe maganizo ake anali osamalira olumala monga anthu ofunika chifundo. Chaka cha 1981, chimene United Nations inachipatula kukhala cha anthu olumala, chinadzutsa ambiri, ndipo moto waukulu unayaka ku Bulawayo, kumapeto ena a njanji yathu yomweyi. Kumeneko n'kumene Jairos Jiri anayambira ntchito yake yothandiza olumala m'zaka za m'ma 1950, ndipo n'kumenenso kunkakhala Joshua Malinga, wa poliyo ngati ine, yemwe anadzakhala meya wa mzindawo m'zaka za m'ma 1990 ali panjinga yake. Iye ndi anzake ankaphunzitsa kuti cholemetsa munthu si miyendo yokha, koma nyumba ndi misewu yomangidwa ngati kuti iye kulibe. Kuno lamulo la 1996 linakhazikitsa Zambia Agency for Persons with Disabilities. Mu 2010 Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, ndipo mu 2012 kunabwera lamulo latsopano la Persons with Disabilities Act, lonena kuti malo ofikako anthu onse akhale oti wolumala angathe kulowamo, n'kupatsa bungwe lija mphamvu yolamula mwini nyumba kuti akonze. Kafukufuku wa boma wa 2015 anapeza kuti akuluakulu 10.9 pa 100 alionse m'dziko muno ali ndi ulumali wa mtundu wina. Si anthu ochepa oti n'kuwaiwala pojambula pulani ya nyumba.

Mlandu umene unatisangalatsa ndi wa 2011, pamene Sela Brotherton, m'malo mwa Zambia Federation of Disability Organisations, anasumira Electoral Commission of Zambia ku High Court chifukwa cha malo oponyera voti amene olumala sankatha kulowamo. Khoti linagamula kuti kumeneko kunali kusala, ngakhale silinaimitse chisankho cha chaka chimenecho. Aka kanali koyamba ambiri a ife kumva woweruza akunena kuti sitepe ingathe kuphwanya ufulu wa munthu.

Ndiye kunabwera 2013. Mu Ogasiti chaka chimenecho, Livingstone ndi tauni ya Victoria Falls analandira limodzi msonkhano waukulu wa 20 wa bungwe la United Nations loona za zokopa alendo, UNWTO. Miyezi ya m'mbuyo mwake tauni inali fumbi lokhalokha: misewu inathiridwa phula latsopano, magetsi a mumsewu anayaka, nyumba zinapakidwa penti, bwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula linakuzidwa. Phula limenelo ndimaliyamikira mpaka lero, chifukwa mapewa anga anapumulako. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pamsonkhano womwewo, m'mphepete mwa Zambezi momwemuno, nthumwi za mayiko zinavomereza malangizo onena kuti malo okopa alendo akhale ofikirika kwa aliyense, kuphatikizapo oyenda panjinga. Malangizo amenewo amawerengedwa m'mayiko akutali. Mahotela akuluakulu a m'mbali mwa mtsinje ali ndi zipinda zokonzedwera mlendo wa panjinga, ndipo masitolo atsopano akuluakulu ndimalowamo ndekha, kusankha ndekha tomato, n'kukangana ndekha ndi mtengo wake. Koma pakati pa hotela ndi sitolo yatsopano pali tauni yakale ija, ndipo nthumwi zitakwera ndege masitepe a Mainway anatsala pomwe anali.

Kumathithi ndimapitako. Madziwo ndi otambalala mamita 1,708, ndipo pamalo oyamba oonerera a mbali ya Zambia munthu wa panjinga amatha kufika n'kunyowa nawo ngati wina aliyense, bola pakhale womugwirira pamiyala yoterera. Ku Boiling Pot, kumene njira yake imatsika chigwa chonse, ndimangomva kwa adzukulu, ndipo sindikupempha kuti wina agumule phompho chifukwa cha ine. Zimene Mulungu anaumba ndazivomera. Zimene ndimakana ndi za mmisiri wa simenti.

Eni nyumba zakale amakonda kunena kuti nyumbazo n'zotetezedwa monga chuma cha mbiri, sizingasinthidwe. Komatu nyumba zomwezo anazibowola poika makina oziziritsira mpweya, n'kukhomapo zikwangwani za makampani a foni kuchokera kudenga mpaka pansi. Ena amamvera lamulo mwa chiphamaso: amathira kasimenti kotsetsereka pambali pa masitepe, koimirira moti ngakhale wilibala singakwere, kumapeto kwake kuli mzati kapena ngalande yosavundikira. Pamalo pena potsetserekapo ndi pabwino ndithu, koma mwini sitolo amaimikapo jenereta. Mlingo wake ndi wodziwika kwa aliyense amene anaphunzira zomanga: pa sentimita imodzi iliyonse yokwera, potsetsereka patalike masentimita 12. Sitepe ya masentimita 15 imafuna potsetsereka pa mita imodzi ndi masentimita 80, potambalala moti njinga idutse, posaterera mvula ikagwa.

Inu amene muli ndi sitolo, tchalitchi, sukulu kapena kachipatala, kaya ndi mumsewu uno, kaya ku Chipata, ku Lilongwe kapena ku Tete, tengani tepi muyeze sitepe ya pakhomo panu. Ndi ntchito ya matumba ochepa a simenti. Mmisiri asanayambe kuthira, itanani munthu wa panjinga wa m'dera lanulo adzaone thabwa limene mwayala, ndipo mumumvere akakuuzani kuti laimirira kwambiri.